Mchere wa Lachinayi

Lachinayi, 8 Meyi 2025

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri la Tumbine osaoneka tsiku lonse. Anthu akunjenjemera pamsika, ine ndafika kunyumba nkhope ikutentha ngati ndimaotha moto. Mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, wa mdzukulu kale. Manyazi ndawafunafuna, sindikuwapeza.

Lero kachisanu kupita ku pensau, nyumba yogona alendo ya Dona Constância. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Kope lino ndi la miyezo ya makasitomala, masamba akumbuyo ndi anga ndekha. Nelsa sangavutike nalo, mwana wangayo anaphunzira Chipwitikizi chokhachokha. Ine Chichewa cholemba ndinachitola kukampu, tsidya la Malawi, nthawi ya nkhondo.

Koma mayi aja, ayi ndithu. Ntchito yawo amaidziwa. Lachitatu ndimaimba foni, kungofunsa ngati ndibwere kudzayeza makatani. Iwo amangoti mawa 10 koloko, chipinda nambala 4. Basi. Ndimalowera khomo lakutsogolo, tepi m'khosi, nsalu m'jumbo, moni kwa aliyense. A João Baptista amalowera kuseri koyanika zofunda, akukankha njinga ngati abweretsa yomwe akonza. Zenera la nambala 4 layezedwa kasanu tsopano, silinakule.

Lamulo lawo limodzi, ndisamabwere chimanjamanja. Ulendo uliwonse ndizisiya chosokedwa chenicheni, kaya nsalu ya pilo, kaya ya patebulo. Anandiuza tsiku loyamba: "Mwabwera ngati telala, ndiye muzisokadi." Ndinaona ngati akungofuna kundidyera. Panopo ndikuona kuti amaganiza patali.

Chipinda cha masana amachitcha desikanso, kupumula. Kuyambira 10 koloko mpaka 2. Zofunda zonunkhira sopo ndi dzuwa, ndowa ya madzi ofunda ili kale pakona, palibe wogogoda. Wailesi ya m'khonde ikakwezedwa, ndiye kuti kutsogolo kuli munthu wokudziwa, usatuluke. Ikatsika, njira yayera.

A João. Manja amawasamba katatu, girisi osachoka m'zikhadabo, ndiye amapepesa. Amapinda kapulana, chitenje changa, bwinobwino n'kuiika pampando. Mwamuna wopinda nsalu! Tinadziwana tili ana, pamzere wolandira ufa kukampu. Akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo, zonse zinachitika, iwo ndi mfulu. Womangika ndine.

Bambo a Nelsa, a Olímpio, anatisiya zaka ziwiri ndi miyezi itatu yapitayo. Abale awo sanandisudzulebe. A Justino, akulu awo, nthawi zonse tidikire tikolole, tidikire mvula ithe. Akabwera kuno maso padenga la malata. Mpaka atandimasula ndine mkazi wa kwawo. Zikangomveka za Lachinayi, nyumba ino yapita, ndipo palibe amene adzandiikire kumbuyo.

Lamulungu, 11 Meyi

Misa yoyamba. Dona Constância benchi yachitatu, mpango woyera. Potuluka tagwirana chanza. Andifunsa za mdzukulu, za bondo langa, ngati munthu amene sanandione mwezi wathunthu. Diso osaphethira n'komwe.

Ndakumbuka za ulendo wachiwiri uja. Pakhomo la nambala 2 panali nsapato zachikazi zofiira, zomwe ndimazidziwa bwino, mwini wake ndinamusokera diresi ya Khrisimasi. Pakamwa panandifulumira, ndinanong'ona dzina. Anandiyang'ana kamodzi kokha. "Kuno nsapato zilibe eni ake, ngakhale zanuzo." Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda m'khonde lija maso kudenga.

Lero mwini nsapato zofiira anakhala kumbuyo kwanga, kuimba mokweza kuposa tonse. Sindinatembenuke. Ndikuphunzira.

Ukalistia sindinalandire. Ndinanamizira kutulutsa mdzukulu wanga Filipa panja, mwayi wake ankaliradi. Ndinaima naye pansi pa mtengo wa mango mpaka nyimbo yomaliza.

Lachinayi, 15 Meyi

Nambala 4. Ndasiya nsalu za mapilo ziwiri. A João anabwera ndi chinangwa chootcha chokulunga m'nyuzipepala, chikadali chotentha. Tadya titakhala pabedi. Amandifotokozera za masipoko ndi matcheni, kuti njinga ya wogulitsa makala imapindika mbali iti, ya mphunzitsi mbali iti. Ine kumangomvera, mawu awo okhawo. Mwamuna wosafulumira pa chilichonse. Ndisiyire pomwepo.

Cha m'ma 1 koloko wailesi inakwezedwa. Tinakhala chete theka la ola. Potuluka ndinapeza kuti anali aneba anga, anabwera kudzagula mkate wa m'mawa wotsala. Dona Constância anawachedwetsa ndi nkhani ya nkhuku zachitopa, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu. Kwa ine sanatchule kanthu, anangoti nsalu za mapilo zakhala bwino.

Madzulo afika alamu anga a Armanda, mlongo wawo wa malemu. Lachinayi lililonse amachokera ku Majaua ndi matumba a nyemba, amagona kuno, Lachisanu kukagulitsa kumalire. Mayi wamtali, mawu a mwamuna, thumba lomwe amuna awiri amalimbana nalo iwo amalisenza okha. Ndimawaopa, komanso ndimawasirira. Tsiku la maliro ndi iwo anandigwira m'chiuno kuti ndisagwere m'dzenje.

Vuto ndi mchere. Ndine Mkatolika, kusukulu ndinapitako, za tsempho ndimati n'zachikale. Koma ndikachoka kwa a João n'kuima pamphika, dzanja limakana. Amayi anandiphunzitsa ndili namwali: mkazi wotentha, wochokera kwa mwamuna amene si wake, sathira mchere m'ndiwo, angadule mwana. Nelsa akuyamwitsa, mwamuna wake ali kuntchito ku Mocuba. Chimene wadya Nelsa, Filipa wadya. Kamwana ka miyezi iwiri, zala ngati machesi. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, sindingayesere pa iye.

Ndiye ndimaitana Nelsa. Tandithirira mchere, m'manja mwanga muli sopo. Sabata yatha ndinati dzanja langa limachulutsa. Amathira osafunsa.

Lachitatu, 21 Meyi

Magetsi kulibe kuyambira dzulo, ndabwerera ku makina opalasa, bondo likudandaula. Singano ziwiri zathyoka. Ulusi wofiira watha, mpaka wina apite ku Muloza.

Ndaimba foni ya makatani pashopu pali amayi atatu odikira zovala. Mmodzi akuti kodi pensau imeneyo ili ndi mazenera angati. Ndati ambiri, ndipo mwini wake ndi wovuta, safuna msoko wokhota. Onse avomereza kuti Dona Constância ndi ovutadi, akuti ngakhale wantchito akayala bedi mokhota amamubweza. Palibe anaganiza zina. Mbiri yawo ya kuvuta ndi imene ikundifunditsa.

Lachinayi, 22 Meyi

Zaonongeka.

Nsomba zouma ndi tomato. Ndaitana Nelsa monga mwa masiku onse, lero ndinati ndadzicheka chala ndi sizasi. A Armanda anali pamkeka pakhomo la khitchini, akusankha nyemba. Mutu sanadzutse n'komwe. "Alamu, inu kumwezi mumapita sabata iliyonse? Lachinayi lokhalokha?" Anatero basi, n'kupitiriza kutola timiyala.

Ndinaseka, kuseka kouma. Nelsa anatuluka ndi mwana.

Chitsiru ine. Zaka makumi awiri ndi zisanu akudya za m'manja mwanga, amadziwa kuti mphika wanga sindipatsa munthu. Kamodzi pamwezi akanamvetsa, mkazi aliyense amatero. Koma kasanu ndi kawiri motsatizana! Dona Constância anatseka mabowo onse, khomo, foni, makatani, wailesi, ine n'kudzaboola langa kukhitchini kwanga komwe.

Loweruka, 24 Meyi

Dona Constância afika okha kushopu kwanga, koyamba. Nsalu ya pabedi yong'ambika m'manja. Ndine telala, ndinaona kuti ang'amba dala ndi lumo. Anadikira kasitomala atuluke.

Akuti dzulo, msika wa kumalire utatha, kunafika mlendo wamtali wofuna kuona ntchito ya telala wawo. Anamulandira, anamuthirira tiyi, anamuyendetsa m'zipinda zonse zopanda anthu. Makatani, mapilo, nsalu za patebulo, zonse msoko wanga. A Armanda anatembenuza mpendero uliwonse. Kenako anafunsa kuti Lachinayi masana kumabwera ndani. Yankho la Dona Constância ndalisunga: "Mayi, ine ndimachapa zofunda. Mukadzagona kuno inu, wina n'kudzandifunsa, ndidzamuyankha chimodzimodzi."

Akuti a Armanda anaseka, anamaliza tiyi, anathokoza n'kumapita. Akazi awiri amenewa patebulo limodzi! Ndikanalakalaka nditawaona.

Ndinayamba kupepesa, anandidula. Akuti nsaluyo aifuna Lachiwiri, msoko ukhale wawiri. Sanandifunse kuti zinatulukira pati, sanandidzudzule. Atapita ndinakhala nthawi yaitali nsalu ili pamiyendo. Ine ndikanakhala iwo, bwenzi nditafunsa mafunso khumi ndisanakhale pansi.

Lachinayi, 29 Meyi

Sindinapite. Ndinatumiza uthenga kwa a João kuti makatani akwana kaye. Masana anadutsa pashopu, belu la njinga kawiri, osayang'ana. Ndinalumikiza mkono wa bulauzi chakumbuyo, kumasulanso.

Madzulo ndinati lero ndiwaonetsa. Ndinadikira a Armanda akhale pamalo pawo, ndinatenga chitini cha mchere, kuchigwedeza kuti chimveke, kuthira ndi dzanja langa, kawiri. Ndiwo zinachita kuwawa. Nelsa anamwa madzi makapu awiri.

A Armanda anamaliza mbale yonse. Posamba m'manja: "Lero ndiye mwathira nokha, alamu. Makatani atha?"

Ndinazindikira mochedwa. Pothira lero ndavomera za masiku ena onse aja. Ndikanangopitiriza kupatsa Nelsa, bwenzi akukayikabe. Mayi ameneyu sanapite patali ndi sukulu, koma munthu amamuwerenga mpaka kutsamba lomaliza. Ndikuwaopa, ndipo sindingathe kudana nawo.

Lolemba, 2 Juni

A Justino aimba foni. Loweruka ndikafike ku Majaua, ndipite ndi ankhoswe anga. Nkhani yake tikamva komweko. Mawu ouma, moni wa mwana osapereka.

Ndaimbira achimwene a Valter ku Mongue, ndi iwo ankhoswe. Andifunsa ngati pali chimene ayenera kudziwa tisananyamuke. Ndati palibe. Angoti chabwino.

Ndayendayenda m'nyumba tsiku lonse. Njerwa izi tinaumba ine ndi a Olímpio, ine kuponda dothi ndili ndi mimba ya Nelsa. Mpeyala wa kuseri tinabzala limodzi, chaka chino wabereka mpaka nthambi kuthyoka. Chitseko cha kuchipinda chimakanirira nthawi ya chinyezi, ankati akonza chaka chamawa, zaka khumi zinatha.

Nelsa anandipeza nditagwira chitsekocho. "Amayi, ine ndinadziwa kuyambira Epulo. Wothira mchere ndine." Ndinafuna pansi patseguke. Iye anangowonjezera kuti a João ndi munthu wabwino, ndipo kuti chimwalirireni bambo ake anali asanandimve ndikuimba pochapa. Ndinalira, mwana wanga kumandisisita msana.

Lachinayi, 5 Juni

Ndinapita. Ndinati ngati n'kugwa, ndigwe nditawaona. Ndinanyamula nsalu ya patebulo yosamaliza mpendero, Dona Constância anailandira.

Sitinavule ngakhale nsapato. A João akuti apite nane ku Majaua, akaime pamaso pa a Justino, akanene kuti wolakwa ndi iwo. Mwamuna wofatsa chonchi, wochita chibwibwi akakwiya. Anali atachita kusita shati yawo yomwe akavale. Ndinakana, zingangokolezera moto. Akuti nyumba ikapita, kwawo kuli zipinda ziwiri, makina osokera akwana pakhonde. Ndinathokoza. Sindinawauze kuti sindikufuna kulowa m'nyumba ya munthu ngati wothawa. Kuthawa ndinathawa kale ndili mwana, mtolo pamutu, kunandikwana.

Cha m'ma 12 kugogoda. Sizinachitikepo. Dona Constância ndi tiyi wa mandimu makapu awiri. Anaika pampando, maso kukhoma monga mwa chizolowezi chawo. Ali pakhomo anati, "Ine abale a amuna anga ananditengera ndi mphasa yomwe, ku Mocuba. Loweruka muvale bwino, mukakhale mowongoka, musakayambe ndinu kulankhula." Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Ine ndimaona ngati mayi ameneyu anabadwa ndi makiyi m'chiuno. Kani anayambira pa mphasa yobwereka. Zipinda zisanu ndi zitatu, khitchini, mpanda wa njerwa, zonse okha, ndipo sindinawamvepo akudzitama kapena kudandaula.

A Armanda lero sanabwere. Mkeka wawo ndinayala, ndaupindanso.

Lamulungu, 8 Juni

Ndabwerako. Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

Chapa, minibasi ya 6 koloko, ine ndi achimwene a Valter, fumbi mpaka m'mano. Kapulana yabuluu, bulauzi yoyera. Pabwalo la a Justino anthu ochuluka kuposa mmene ndinkayembekezera, amalume awo a malemu, azakhali, akazi pamkeka. Ndinakhala mowongoka, pakamwa potseka.

A Justino anayamba ndi nyumba. Kuti malata anagula ndi m'bale wawo. Kuti mkazi akadali wamphamvu, mawa kudzalowa mwamuna wachilendo kudzagona pa thukuta la wina. Ndinati basi, awauza. Ndinayang'ana a Armanda, iwo akuyang'ana nkhuku.

Kenako a Armanda anaimirira, osapempha kwa aliyense. Mawu awo ndiwalemba mmene ndawakumbukira: "Achimwene, munthu uyu tamumangirira zaka ziwiri ngati mbuzi, chifukwa cha malata. Ndi wamoyo, magazi akuyenda. M'nyumba muja muli khanda, mdzukulu wa Olímpio. Likadzatupa khanda limene lija, mlandu udzakhala wa wogwira chingwe." Za Lachinayi sanatchule. Za pensau sanatchule. Anakhala pansi n'kukonza mpango.

Amalume anatsokomola, anafunsa a Justino ngati ali okonzeka kusenza zimenezo. Palibe amafuna dzina la wodula mwana. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, achimwene a Valter analankhula bwino kuposa mmene ndimawadziwira. Mapeto ake, nyumba ndi ya Nelsa ndi mwana wake, ine ndikhalamo moyo wanga wonse. A Justino atenga njinga yamoto ndi jekete lachikopa. Atenge.

Ndiye mbale, ndalama yachitsulo imodzi m'katimo, amalume kuiika patsogolo panga. Akuti kuyambira lero sindine mkazi wa kwawo, ndipite kumene ndifuna, wondifuna andipeze. Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira mawu amenewa. Atanenedwa ndinalira ngati maliro achitika dzulo. A Olímpio ndiye apitadi. Palibe anandichenjeza kuti zimapweteka chonchi.

A Armanda anandiperekeza kokwerera chapa, achimwene ali patsogolo. Ndinafuna kuthokoza. Ndinangofunsa kuti chifukwa chiyani. Akuti atachoka kwa Dona Constância anakwiya masiku atatu, anakumbuka mlongo wawo, anafuna kudzanditukwana pashopu anthu akuona. Kenako anakhala pansi n'kuganiza. "Mkazi wopanda mtima akanathira mcherewo kuti asagwidwe. Inu munalola kugwidwa."

Chapa inafika yodzaza, woitanira akukuwa. Ndinati tsalani bwino alamu. Anandigwira mkono, kugwira kwawo kopweteka kuja. Akuti chilamu chatha lero, mwamva nokha kwa amalume. Za nyumba ndinaziganizira miyezi yonseyi, koma zoti pondimasula andimasulanso kwa iwo, sizinandifike m'mutu. Ndinafunsa kuti nanga ndizikutchulani chiyani. Anandikankhira m'chapa ngati thumba la nyemba. "Achemwali, nanga chiyani. Kwerani, mukuchedwetsa anthu."

Ndauza Nelsa yekha. Foni yalira kawiri, a João, sindinayankhe. Sindikudziwa poyambira. Ikuliranso